Mlendo wa Kalumo Kakuthwa: Dr Robert Laws ndi Maopaleshoni a Kumudzi

Mwezi uno tikambirane za dokotala. Dzina la Robert Laws ambirife tinalimva ku pulayimale. Tinaloweza kuti anali mmishonale wa ku Livingstonia, tinalemba mayeso, basi n'kuiwala. Chimene aphunzitsi sankakhalitsapo n'chakuti munthuyu anali dokotala wodziwa kuchita maopaleshoni, ndipo ntchito yake sanaigwirire mumzinda waukulu ayi. Anakhala zaka 52 m'midzi ya m'mbali mwa nyanja ndi pamwamba pa phiri, kutali ndi Zomba ndi Blantyre.

Nkhaniyi ikutikhudza. Ndani mwa ife sanalandirepo uthenga wa pa WhatsApp ali pa ntchito kuno ku Dubai, wakuti mlamu wanu amutumiza ku Central, akufunika opaleshoni, tumizani ya thiransipoti? Timatumiza ndithu, kenako n'kumadikira foni mtima uli m'mwamba. Koma kodi n'chifukwa chiyani mpaka lero mpeni wa dokotala uli kutali chotere ndi mudzi? Mbali ina ya yankho ili mu mbiri ya Laws: zimene anachita, zimene anaphunzitsa ena, ndi pamene maphunzirowo anaimira.

Mwana wa kalipentala

Robert Laws anabadwa pa 28 Meyi 1851 ku Aberdeen, m'dziko la Scotland. Bambo ake anali mmisiri wa mipando ndi makabati, ndipo mwanayo naye anayamba ndi kuphunzira ntchito ya matabwa yomweyo. Masana ankapala matabwa, madzulo ankapita ku sukulu. Ife amene timaweruka thupi litaphwanyika n'kumayesabe kuwerenga kenakake pabedi tisanagone, moyo umenewu tikuudziwa.

Mwa njira imeneyi anafika ku yunivesite ya Aberdeen. Anaphunziranso zaubusa, ndipo anatumikirako m'zipatala za odwala nthomba ndi matenda ena opatsirana ku Glasgow. Maphunziro a udokotala anamaliza mu 1875. Pa nthawiyo ku Scotland nkhani inali ya David Livingstone, amene anamwalira mu 1873 kwa Chitambo, ku Zambia wa lero, ndipo mtembo wake unaikidwa ku London mu 1874. Mipingo inagwirizana zotumiza gulu la anthu ku nyanja ya Nyasa kukayambitsa mishoni yomukumbukira. Laws, mnyamata wa zaka 24, analowa m'gululo ngati dokotala komanso mbusa. Mtsogoleri wa ulendo anali E. D. Young, munthu wa zapamadzi.

Sitima yoyenda pamutu

Gululi linabwera ndi sitima yachitsulo yomasula zidutswazidutswa, dzina lake Ilala, potengera dera limene Livingstone anamwalirira. Anaimanga pa mathero a Zambezi, n'kukwera nayo mtsinje wa Shire. Atafika pa mathithi, pamene sitima singadutse, anaimasulanso. Anthu mazanamazana a m'midzi ya mafumu a Amakololo ndi amene anasenza zitsulozo pamutu ndi pamapewa, mtunda wa makilomita pafupifupi 100, dzuwa la ku chigwa likuswa mtengo. Mabuku amatchula mayina a azungu amene anali m'sitimayo, koma a onyamulawo sanalembedwe. Tiziwakumbukira, paja ife tomwe kuno tikusenza nyumba zimene sizidzalembedwa mayina athu.

Pa 12 Okutobala 1875 Ilala inalowa m'nyanja. Anakhazika msasa ku Cape Maclear, m'dera la mfumu Mponda, m'boma la Mangochi la lero. Dziko linali pa mavuto. Malonda a akapolo anali pachimake. Anthu ankaoloka nawo nyanja, kuchokera m'madoko ngati Nkhotakota, kupita ku Kilwa ndi Zanzibar, ndipo ena a iwo anagulitsidwa mpaka ku magombe a Arabia kuno. Mlendo aliyense wobwera ndi sitima ankaonedwa ndi diso lokayika, ndipo anthu sankalakwa kutero.

Tisaganizenso kuti Laws anapeza anthu opanda mankhwala. Asing'anga analipo, odziwa mizu ndi makungwa, otemera mphini, olumika, olunga mafupa othyoka. Azamba analipo. Chimene panalibe ndi njira yodula munthu mkati iye osamva ululu.

Tsiku la 2 Malichi 1876

Kunabwera mnyamata wina amene anali ndi chotupa pamwamba pa diso. Laws anamugoneka, n'kumununkhitsa mankhwala ogonetsa otchedwa chloroform, ndipo anachotsa chotupacho. Mnyamatayo anadzuka n'kuchira. Olemba mbiri amati aka kanali koyamba kuti mankhwalawa agwiritsidwe ntchito pa opaleshoni m'chigawo chonse cha pakati pa Africa.

Kuti timvetse kukula kwa nkhaniyi, tidziwe kuti ngakhale ku Ulaya zinthu zimenezi zinali zatsopano. Chloroform anayamba kumugwiritsa ntchito pa odwala ndi James Young Simpson ku Edinburgh mu 1847. Chisanafike chaka chimenecho, pafupifupi paliponse wodwala ankamangidwa kapena kugwiridwa ndi amuna amphamvu, ndipo dokotala wabwino anali wothamangitsa mpeni. Vuto lachiwiri linali lakuti mabala ankaola, anthu n'kumafa opaleshoni itatha kale. Mu 1867 ndi pamene Joseph Lister wa ku Glasgow anafalitsa njira yophera tizilombo pabala ndi pa zipangizo. Choncho Laws anafika ku nyanja ndi luso limene kwawo komweko linali lisanakalambe.

Kagwiritsidwe ntchito kake kanali kotere: ankadontheza mankhwalawo pa kansalu koikidwa pamphuno ndi pakamwa pa wodwala. Akachepa, wodwala amadzuka mpeni uli mkati. Akachuluka, mpweya kapena mtima umaima. Ndiye pamafunika munthu wachiwiri woyang'ana kapumidwe ndi kugunda kwa mtima, wachitatu wopereka zipangizo, wina wophika madzi ndi kuchapa nsalu, winanso wokhala ndi wodwalayo usiku. Tiigwire mfundo imeneyi, chifukwa nkhani yonse yatsamira pomwepa: opaleshoni sichitika ndi munthu mmodzi. Dokotala wa kumudzi akapanda kuphunzitsa anthu omuzungulira, mpeni wake umangokhala m'bokosi.

Kwa munthu woonerera, zinaoneka ngati mnyamata uja wafa, wadulidwa, kenako wauka. Mbiri inawanda, odwala anayamba kubwera kuchokera kutali. Akuluakulu anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, ndipo apa mwambiwu unagwera pake penipeni. Anthu amene sankafuna kumva ulaliki wake, chilonda chawo ankabwera nacho.

Manda asanu

Koma panali mdani amene kalumo sikakanamudula: malungo. Ku Cape Maclear, mkati mwa malo osungirako zachilengedwe a Lake Malawi National Park, kuli manda a anthu a mishoni amene anafa m'zaka zoyambazo. Pali Dr William Black, dokotala mnzake wa Laws, amene anamwalira mu 1877 atangokhala miyezi yowerengeka. Palinso Shadrach Mngunana, mphunzitsi wachixhosa. Iyeyu anabwera mu 1876 kuchokera ku sukulu ya Lovedale ku South Africa, pamodzi ndi William Koyi, Mapassa Ntintili ndi Isaac Wauchope. Taonani, pa nthawi imeneyo anthu a ku Joni ndi amene ankabwera kudzagwira ntchito kwathu, ena n'kusiya mafupa awo konko.

Pofika 1881, mishoni inali ndi manda asanu ndi wobatizidwa mmodzi yekha, Albert Namalambe. Laws, amene tsopano anali mtsogoleri, anasamutsira likulu ku Bandawe, pakati pa Atonga a ku Nkhata Bay. Malungo anawatsatira. Laws mwiniwake anadwala kambirimbiri. Iye ndi mkazi wake Margaret Gray, amene anakwatirana naye ku Blantyre mu 1879, anataya ana angapo pobadwa, ndipo amene anakula ndi mmodzi yekha, Amelia, wobadwa mu 1886.

Kwinini ankamudziwa ndipo ankamwa, koma chimene chimabweretsa malungo sankachidziwa. Madokotala a nthawiyo ankati ndi mpweya woipa wa m'madambo. Mu 1897 ndi pamene Ronald Ross, ali ku India, anapeza tizilombo ta malungo m'mimba mwa udzudzu. Ndiye kuti kwa zaka 22 Laws ankalimbana ndi mdani amene ankamuimbira m'khutu usiku uliwonse, iye osamuzindikira. Nzeru imene anali nayo inali yothawira kumtunda, ndipo inathandizadi, ngakhale chifukwa chake chenicheni chinadziwika pambuyo.

Tauni ya pa phiri

Mu 1894 anasamukira ku Khondowe, m'boma la Rumphi, pamwamba pa phiri loyang'ana nyanja. Apa ndi pamene tikupatcha Livingstonia lero. Amene munakwerapo msewu wa Golodi kuchokera pa Chitimba mukudziwa makona ake, pafupifupi 20, mmene amaumitsira pakamwa. Pamalo pamenepa anamangapo kamzinda: sukulu, nyumba yosindikizira mabuku, mashopu a ukalipentala ndi zitsulo, madzi a m'mipopi, ndiponso magetsi opukusidwa ndi madzi kuyambira cha m'ma 1905. Nyumba yake yamiyala, Stone House, ilipo mpaka pano ndipo mbali ina ndi yosungiramo zinthu zakale.

Chipatala chenicheni chinachedwa. David Gordon Memorial Hospital inatsegulidwa mu 1911, patatha zaka 35 chichitikire opaleshoni ya ku Cape Maclear ija. Zaka zonsezo ntchito inkachitikira m'tizipinda ndi m'makhonde: kutsuka zilonda za m'miyendo, kuzula mano, kutumbula zithupsa, kusoka mabala, kupereka katemera wa nthomba. Ntchito ya dokotala wa kumudzi yambiri ndi yotere, yobwerezabwereza, yopanda wowombera m'manja.

Tinene zoona, zaka zikamapita Laws ankagwira mpeni mwa apo ndi apo. Kunabwera madokotala ena, monga Dr Walter Elmslie amene anakhala pakati pa Angoni ndi Dr George Prentice amene anakatumikira ku Kasungu. Laws anasanduka womanga, woyang'anira sukulu, wolemba makalata opempha ndalama. Anamasuliranso Chipangano Chatsopano m'Chinyanja, ndipo mu 1894 anatulutsa dikishonale ya Chingerezi ndi Chinyanja. Kuyambira 1912 anakhalako m'bungwe lopanga malamulo la boma la atsamunda, ndipo mu 1924, pamene mipingo ya Livingstonia ndi Blantyre inagwirizana kupanga CCAP, iye ndi amene anakhala mkhalapampando woyamba. Mtima wake unali utachoka pa kuchiritsa munthu mmodzimmodzi n'kupita pa kuphunzitsa ambiri.

Ndalama zinachokera kuti?

Ife ndife anthu apantchito, ndiye funso ili tisalilumphe. Sukulu yaikulu ya ku Khondowe inkatchedwa Overtoun Institution, potengera dzina la Lord Overtoun, mpondamatiki wa ku Scotland amene ankapereka ndalama zambiri. Chuma chake chinkachokera ku fakitale ya makemikolo ku Shawfield, pafupi ndi Glasgow. Mu 1899 mtsogoleri wa apantchito, Keir Hardie, anaulula poyera mmene anthu ankagwirira ntchito m'fakitalemo: maola 12 pa tsiku, sabata yonse yopanda tsiku lopuma, malipiro ochepa, ndipo fumbi la mankhwala linkawadya khungu ndi kuwaboola mkati mwa mphuno. Mwini wake ndi yemweyo amene ankalimbikitsa anthu kusunga tsiku la Sabata.

Choncho njerwa zina za ku Livingstonia zinagulidwa ndi thanzi la anthu osauka a ku Glasgow, amene mwina sanamvepo dzina la Khondowe. Izi sizikufafaniza ubwino wa sukuluyo. Zikungotikumbutsa kuti pa chinthu chilichonse chokongola tizifunsa kuti thukuta lake linali la yani. Amene timakwera basi ya kampani m'bandakucha kudutsa pansi pa nyumba zazitali za mumzinda uno, funsoli silikutivuta kulimva.

Chitseko chotsegula theka

Ku Livingstonia kunkaphunzitsidwa aphunzitsi, akalaliki, amisiri, otumiza mauthenga a telegalafu, abusa, ndiponso anyamata othandiza madokotala m'chipatala. Othandizawa ankaphunzira kutsuka mabala, kusakaniza ndi kupereka mankhwala, kusamala odwala ndi kuthandiza pa opaleshoni. Ena a iwo ankatumizidwa kukayendetsa tizipatala ta kumidzi paokha, dokotala ali kutali ulendo wa masiku. Mbewu ya ntchito ya zaumoyo imene tikuiona m'maboma athu lero inadzalidwa m'malo ngati amenewa, pamodzi ndi zipatala za mishoni zina monga Blantyre, Nkhoma, Likoma ndi Malamulo.

Koma makwerero anali ndi polekezera. Munthu wakuda ankatha kukhala wothandiza, osati dokotala. Ngakhale mu mpingo zinali chimodzimodzi. Charles Domingo, amene William Koyi anabwera naye ali mwana kuchokera ku Quelimane ndipo anakulira pafupi ndi banja la Laws, anamaliza maphunziro aubusa bwinobwino, koma anadikira zaka ndi zaka osadzozedwa mpaka anachoka mu 1908. Abusa oyamba achikuda a Livingstonia, Yesaya Zerenji Mwasi, Hezekiah Tweya ndi Jonathan Chirwa, anadzozedwa mu 1914, mishoni itatha zaka 39. Laws ankakhulupirira kuti Mwafirika angathe kuphunzira chilichonse, koma pa nkhani yomupatsa udindo anali wochedwa dzanja. Ambiri a ife tikudziwa mmene zimawawira kudziwa ntchito kuposa amene akukulamula, koma pa khadi pako pakadali polembedwa kuti wothandiza.

Mbali inayi, timuchitire chilungamo. Laws ankalota zoti Khondowe idzakhale koleji yeniyeni, ngati yunivesite. Amene anakana ndi ena. Akatswiri a zamaphunziro a bungwe la Phelps-Stokes, amene anayendera Nyasaland mu 1924, ankakonda maphunziro osavuta a ulimi ndi ntchito zamanja za kumudzi, ndipo amishonale achinyamata ambiri anagwirizana nawo. Boma la atsamunda nalo silinkafuna kuwononga ndalama pa maphunziro apamwamba a anthu akuda. Laws anachoka m'dziko muno mu 1927 lotolo lisanapherezeke. Anamwalira ku London pa 6 Ogasiti 1934, ndipo anaikidwa kwawo ku Aberdeen. University of Livingstonia inadzatsegulidwa mu 2003.

Zotsatira zake n'zakuti Mmalawi wofuna kukhala dokotala ankayenera kuchoka. Daniel Sharpe Malekebu wa ku Chiradzulu, mwana wa sukulu ya John Chilembwe, anapita ku America n'kumaliza udokotala ku Meharry Medical College mu 1917. Atafuna kubwerera, boma linayamba lamukaniza, ndipo analoledwa mu 1926, pamene anakatsegulanso mishoni ya PIM. Hastings Kamuzu Banda, amene anayamba sukulu m'manja mwa mishoni ya Livingstonia ku Kasungu, anachoka wapansi, n'kugwirako ntchito pa chipatala cha ku Hartley ku Southern Rhodesia ndi ku migodi ya ku Joni. Anamaliza ku Meharry komweko mu 1937, n'kuwonjezera maphunziro ku Edinburgh mu 1941. Udokotala wake anakaugwirira ku Britain ndi ku Ghana, ndipo kwathu anabwerera mu 1958 ngati wandale. Pamene dziko linkalandira ufulu mu 1964, madokotala achimalawi anali owerengeka. Sukulu yathuyathu ya madokotala, College of Medicine ku Blantyre, inatsegulidwa mu 1991, patatha zaka 115 chichitikire opaleshoni ya ku Cape Maclear.

Sukulu imene inabala matchona

Pali cholowa china cha Laws chimene iye sanachikonzekere, ndipo ndi ife tomwe. Sukulu inatulutsa anthu odziwa kulemba, kuwerengera ndi Chingerezi, koma kumpoto kunalibe ntchito zowalemba. Msonkho unkafunika ndalama. Ndiye ananyamuka: ku migodi ya Southern Rhodesia, ku Katanga, ku Joni, ku Tanganyika, kenako ku Copperbelt. Kumeneko akalaliki, akapitawo ndi othandiza m'zipatala za m'migodi ambiri anali anthu a ku Nyasaland. Ena sanabwererenso, ndi aja ankatchedwa matchona.

Wotchuka mwa iwo ndi Clements Kadalie wa ku Chifira, kufupi ndi Bandawe. Atamaliza maphunziro a uphunzitsi ku Livingstonia, anachoka mu 1915, n'kudutsa ku Mozambique ndi Southern Rhodesia mpaka ku Cape Town. Mu 1919 anayambitsa bungwe la apantchito la ICU pakati pa onyamula katundu pa doko, ndipo pofika 1927 linali ndi mamembala pafupifupi 100,000. Tangoganizani: ndalama za mwini fakitale wofinya antchito ku Glasgow zinathandiza kuphunzitsa mnyamata amene anadzagwedeza mabwana a ku South Africa. Mbiri imayenda mokhotakhota ngati msewu wa Golodi.

Dubai nayo inali tauni yaing'ono

Tsopano tiyang'ane pamene taima. Pamene chipatala cha ku Livingstonia chinkatsegulidwa mu 1911, Dubai inali tauni ya asodzi, amalonda ndi osaka ngale m'mbali mwa khwawa, yopanda chipatala. Munthu wofunika opaleshoni, ngati anali ndi ndalama, ankakwera chombo kupita ku Bahrain, kumene amishonale a ku America anatsegula chipatala mu 1903, kapena ku Bombay. Malonda a ngale atagwa cha m'ma 1930, chifukwa cha ngale zoweta za ku Japan ndi kugwa kwa chuma pa dziko lonse, kuno kunali umphawi weniweni. Chipatala choyamba, Al Maktoum ku Deira, chinatsegulidwa mu 1951, ndipo dokotala wake anali Dr Desmond McCaully. Ku Al Ain, Dr Pat Kennedy ndi mkazi wake Dr Marian Kennedy anafika mu 1960 n'kuyambitsa Oasis Hospital, imene lero ikutchedwa Kanad. Amenewa ndi a Laws a dziko lino.

Khondowe inatsogola ndi zaka 40. Nanga zinatembenuka bwanji? Mafuta anapezeka m'nyanja ya Dubai mu 1966 n'kuyamba kugulitsidwa mu 1969, pamwamba pa malonda a pa doko amene anali atayamba kale kukula. Rashid Hospital inatsegulidwa mu 1973. Ndalama zitapezeka, dziko lino linagula manja. Lowani m'chipatala chilichonse muone anamwino a ku Kerala ndi ku Philippines, madokotala a ku Egypt, Sudan ndi Pakistan, okolopa ndi okankha odwala a ku Nepal, Uganda, mwinanso mnzathu wa m'gulu lino. Aliyense wa anthu amenewa anaphunzitsidwa kapena kuleredwa ndi dziko lina, ndipo kwawoko kuli mpata umene anausiya. Kwathu tinaziona kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, pamene anamwino ambiri anapita ku Britain, mpaka boma ndi mabungwe othandiza anayambitsa ndondomeko yapadera mu 2004, imene inakweza malipiro a ogwira ntchito zaumoyo ndi 52 peresenti kuti asamachoke.

Mpeni uli m'manja mwa ndani lero?

Mukapita ku fiyeta ya chipatala cha boma ku Ntchisi, Nsanje kapena Chitipa, amene mudzamupeze atavala magolovesi nthawi zambiri ndi clinical officer. Malawi inayamba kuphunzitsa anthu amenewa mu 1976, itaona kuti madokotala sadzakwana msanga. Amaphunzira zaka zitatu ndi chaka china choyeserera ntchito. Ndi amene amachita maopaleshoni ambiri a amayi olephera kuchira paokha m'zipatala za m'maboma, kuphatikizapo a phudzi ndi ena otero. Mu 1985 Dr Edward Blair anayambitsa maphunziro a ma clinical officer a mafupa, ndipo ambiri othyoka miyendo pa ngozi za kabaza ndi minibasi amathandizidwa ndi iwowa. Abale athu a ku Tete ndi Niassa akudziwa kuti ku Mozambique nakonso kuli anthu otere, amene anayamba kuphunzitsidwa mu 1984.

Anthu amenewa ndi zidzukulu za anyamata aja ankagwira kansalu ka chloroform. Kusiyana kwake n'kwakuti tsopano mpeni akuugwira okha. Koma mavuto a wothandiza sanathe: malipiro ochepa, njira yokwerera yopapatiza, magetsi ozimazima, magazi osowa, ambulansi yopanda mafuta. Zikavuta, wodwala amatumizidwa ku Queens, ku Central, ku Zomba kapena ku Mzuzu, ndipo ndi pamene foni zathu zimalira kuno. Si ife tokha. Akatswiri amene anasonkhanitsidwa ndi magazini ya zachipatala ya Lancet analengeza mu 2015 kuti anthu 5 biliyoni pa dziko lapansi sangapeze opaleshoni yabwino ndi yotsika mtengo pa nthawi imene akuifuna.

Ndiye Laws timuyeze bwanji? Mnyamata wa chotupa uja anachira, anakhala moyo wake, anapita. Odwala onse amene Laws anawagwira ndi manja ake anapita. Chimene chatsala ndi chipatala cha pa phiri chija, chimene chikulandirabe odwala, ndi mzere wa anthu ophunzitsana ntchito kuchokera pa iye kufika kwa clinical officer wa lero. Pamene anatsegula chitseko, phindu lake tikulidya mpaka pano. Pamene iye, anzake ndi boma la nthawiyo anachisiya chotsegula theka, ngongole yake tikuilipirabe, ena a ife ndi madiramu a ovataimu.

Paja amati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Laws anakhala zaka 52, komabe tsiku lochoka linakwana. Ifenso kuno ndife alendo, viza ikatha tidzanyamula zikwama. Pakati pathu pali odziwa kuwotcherera, kukonza ma AC, kuyendetsa makina akuluakulu, kusamala odwala ndi okalamba, kuphika chakudya cha anthu 500. Pali amene akulipirira fizi mwana wa mchemwali ku Malamulo kapena ku Malawi College of Health Sciences, mwina osadziwa kuti akuika munthu m'fiyeta ya boma lakwawo. Tikamakumana pa tsiku lathu lopuma, tibwere titaganizira mafunso awa:

1. Kwanu, munthu wofunika opaleshoni yadzidzidzi usiku amapita kuti, pa chiyani, ndipo zimatenga maola angati? Funsani kumudzi, mubwere ndi yankho lenileni kuti tiyerekeze maboma athu.

2. Kodi agogo kapena makolo anu anasimbapo za wothandiza dokotala, mzamba kapena namwino amene dera lonse linkamudalira? Tilembe mayina awo, chifukwa mabuku sanawalembe.

3. Pa ntchito imene mukuidziwa bwino, ndani anakuphunzitsani, ndipo inu mwaphunzitsapo ndani?